Za Mumtima mwa Mpangankhani: Okonkwo ndi Mwana Wake Nwoye

Nkhani yopeka ndi bodza limene mlembi ndi wowerenga amapangana kuti aliyese choona. Tonse timadziwa kuti munthu amene tikumuwerengayo sadabadwepo, alibe mudzi, ndipo manda ake sitingawapeze pena paliponse. Komabe alipo mabuku amene tikamawerenga timagwidwa ndi chisoni chenicheni, mwinanso kupsa mtima kumene ndi munthu wa papepala ngati kuti walakwira ifeyo. Aliponso ena amene mpangankhani amalira kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ife osamva kanthu, n'kumangowerenga masamba amene atsala kuti tipume. Kusiyana kwa mabuku amenewa kwagona pa luso la mlembi poonetsa za mumtima mwa mpangankhani, ndiponso pa njira imene wamusinthira munthuyo pamene nkhani ikupita.

Ambirife tidayamba kumva nkhani tili ana, madzulo pamoto, agogo akuti "Padangokhala," ife n'kumavomera kuti "Tili tonse." M'nthano zimenezo Kalulu ndi wochenjera poyamba, wochenjera pakati, wochenjeranso pomaliza. Fisi sasiya dyera ngakhale atapsa kangati. Palibe mwana amene amafunsa kuti Fisi adamva bwanji mumtima atanyengedwa, pakuti Fisi wa m'nthano ndi dyera lovala ubweya basi. Nthano idapangidwira zimenezo ndipo ntchito yake imaigwira bwino. Vuto limabuka pamene mlembi wa nkhani yaifupi kapena wa buku la nkhani yaitali atenga kapangidwe ka nthano n'kukaveka anthu. Pa zaka zimene ndinkachonga zolemba za ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 ndidakumana ndi mayi wopeza wankhanza kambirimbiri, ndipo nthawi zonse adali munthu yemweyo: wouma mtima m'mawa, masana ndi usiku, wopanda tsiku lotopa kapena lodwala, wosadziwika chimene chidamuumitsa mtima. Mwana wamasiye naye adali woyera ngati mngelo. Pamapeto pa nkhani mayi uja ankagwada n'kupepesa m'ndime imodzi, poti pepala latha ndipo phunziro liyenera kutuluka.

Nkhani ya munthu woipa amene potsiriza atembenuka mtima ndi yakale m'zolemba zathu. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Mishoni ya Nkhoma, adalemba buku la Nthondo limene lidatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi mutu woti Man of Africa. M'bukumo mnyamata wosamva ndiponso wakuba adzasanduka Mkhristu pambuyo pake. Koma Nthara adatenga moyo wonse wa munthu, kuyambira kubadwa kufikira imfa, kuti asinthe Nthondo. Ambiri amene adatsata njira imeneyi adatengako kutembenuka kokhako, n'kusiya mtunda wautali umene munthu amayenda asanafike potembenukapo.

Tiyambe ndi mawu otchula za mumtima. Wophunzira akalemba kuti "Chikondi adamva chisoni chachikulu kwambiri ndipo adalira mosatonthozeka," iye amayesa kuti wagwira ntchito yaikulu, chikhalirecho wangotchula dzina la chinthu. Mawu oti "chisoni" ali ngati chikwangwani cholozera kumsika: chikwangwanicho sichigulitsa tomato. Amene adakhalapo pamaliro ndi maso otsekula akudziwa kuti chisoni chili ndi nkhope zambiri. Pali mayi amene amalira mokweza mpaka mawu kusasa. Pali wina amene salira konse, amangoyendayenda kufunsa ngati alendo ochokera kutali alandira madzi osamba m'manja, ndipo adzagwa pansi patapita mlungu, atapeza nsapato za malemu kuseri kwa chitseko. Pali bambo amene amakalipira ana pa kanthu kachabechabe chifukwa sakudziwa kotula chimene chamudzaza pachifuwa. Akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Sitingawolokereko, timangoona utsi umene ukufuka tsidyalo n'kuzindikira kuti kukuyaka moto. Mlembi waluso amatipatsa utsiwo, kuzindikirako n'kutisiyira ife.

Buku limene likutithandiza bwino kuona zimenezi ndi Things Fall Apart, limene Chinua Achebe wa ku Nigeria adalemba ndipo lidasindikizidwa ku London mu 1958. Nkhani yake ikuchitika pakati pa anthu a mtundu wa Igbo, m'dera lotchedwa Umuofia, pa nthawi imene amishoni ndi boma la atsamunda a ku Britain ankalowa kumene m'dzikolo. Mpangankhani wamkulu ndi Okonkwo, mlimi wa zilazi wolimbikira, katswiri wolimbana amene adagwetsa Amalinze ali ndi zaka 18 zokha, mwamuna wa akazi atatu ndiponso wankhondo woopedwa.

Achebe sadabise gwero la khalidwe la munthu ameneyu. Koyambirira kwenikweni akutiuza poyera kuti moyo wa Okonkwo unkalamulidwa ndi mantha, mantha oti angafanane ndi bambo wake Unoka, munthu waulesi, wokonda chitoliro ndi uchema, amene adamwalira ali ndi ngongole ponseponse. Apa tionepo kuti kuuza wowerenga mwachindunji si mlandu. Mlembi ali ndi ufulu wonena kuti mpangankhani wake ndi wamantha. Koma akatero watenga ngongole, ndipo ayenera kuibweza ndi zochitika. Achebe adaibweza yonse, ndipo malo amene adalipira kwambiri ndi pa imfa ya Ikemefuna.

Mnyamata ameneyu adaperekedwa ndi anthu a ku Mbaino ngati dipo la mkazi wa ku Umuofia amene adaphedwa kumeneko. Adakhala m'nyumba ya Okonkwo zaka zitatu mpaka kuyamba kumutchula kuti bambo. Okonkwo adamukonda mwanayo, koma chikondicho tikuchiona pa kanthu kamodzi: popita kumisonkhano ikuluikulu ankamulola kumunyamulira mpando ndi thumba lake lachikopa, monga achitira mwana wobala yekha. Kupitirira apo sadanene kanthu, chifukwa kwa iye kuonetsa chikondi kudali kufooka. Pamene mzimu wa Agbala udalamula kuti mnyamatayo aphedwe, mkulu wina wolemekezeka, Ogbuefi Ezeudu, adabwera kudzamuchenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja lake popeza mwanayo amamutchula bambo. Okonkwo adapitabe nawo pa ulendowo.

Taonani chimene mlembi akuchita m'njiramo. Akutichotsa kwa Okonkwo n'kutilowetsa m'maganizo a Ikemefuna, amene wasenza mtsuko wa uchema ndipo akukhulupirira kuti akumuperekeza kwawo. Mwanayo akuganizira za mayi ake ndi kamlongo kake, ngati adzamuzindikira, ngati mayiwo akali moyo, ndipo mantha akamugwira akudzitonthoza poti bambo ake Okonkwo ali pambuyo pake. Ife owerenga tikudziwa chimene chikubwera, iye sakudziwa. Chisoni chathu chikubadwira pamenepo, mlembi asanatchule mawu amodzi a chisoni. Chikwanje choyamba chitagwa, mnyamatayo akuthamangira kwa Okonkwo kuti amupulumutse, ndipo Okonkwo, poopa kuti anzake amuyesa wofooka, akumumaliza yekha.

Mlembi wosakhwima akadadzaza masamba awiri ndi kulira kwa Okonkwo, mwinanso kumulankhulitsa mawu aatali odandaula atayang'ana kumwamba. Tikadakana kukhulupirira, pakuti Okonkwo amene tamudziwa sangachite zimenezo. Achebe akutionetsa munthu amene kwa masiku awiri sakulawa chakudya, akungomwa uchema kuyambira m'mawa mpaka usiku, maso ali psuu, tulo osabwera. Akuitana mwana wake Nwoye kuti akhale naye, koma mwanayo akumuopa ndipo akuzemba bamboyo akangoodzera. Tsiku lachitatu akupempha mkazi wake Ekwefi kuti amuotchere nthochi, ndipo pamene akudya akuyang'ana mwana wake wamkazi Ezinma n'kumalakalaka akadakhala mnyamata. Kenaka akudzikalipira yekha kuti wasanduka nkhalamba yaikazi, iye amene adapha anthu asanu kunkhondo. Akulakalaka kukadakhala ntchito yakumunda yoti imuiwalitse, koma ndi nyengo yopuma. Chilichonse pamenepa ndi chisoni, koma ndi chisoni cha Okonkwo yekha, chimene sichingasamutsidwe n'kupatsidwa kwa munthu wina m'bukumo. Nachi chiyeso chimene mlembi aliyense angadziyese nacho: ngati ndime yofotokoza kulira kwa mpangankhani wanu ingakwanire bwinobwino pa mpangankhani wina aliyense mutangosintha dzina, ndiye kuti simudamudziwebe munthu wanuyo.

Pali malo ena amene ine ndimawakonda kuposa onse m'bukuli, ngakhale ophunzira ambiri amawadutsa mothamanga pokonzekera mayeso. Usiku wina Chielo, wansembe wamkazi wa Agbala, adabwera kudzatenga Ezinma n'kumubereka kupita naye kuphanga la mzimuwo. Ekwefi, amene adabala ana khumi ndipo asanu ndi anayi adamwalira ali aang'ono, sadathe kukhala pansi; adamutsata mumdima usiku wonse. Atafika pakhomo pa phanga adamva mtswatswa kumbuyo, potembenuka n'kupeza ndi Okonkwo, chikwanje chili m'manja. Pambuyo pake mpamene tikuuzidwa kuti bamboyu adadikira kaye nthawi imene adaiona kuti ndi yoyenera mwamuna, kenaka adapita kuphangako, osapeza munthu, n'kubwerera, n'kupitanso, ndipo adawapeza pa ulendo wachinayi. Maulendo anayi amenewo, mumdima, popanda womuona, akunena zambiri za chikondi cha Okonkwo pa mwana wake kuposa mawu alionse amene akadalankhula. Ndiponso akutiletsa kumuda kotheratu munthu amene tidamuona akupha Ikemefuna. Tikadali okwiya naye, koma tsopano tikumumveranso chifundo, ndipo mitima iwiri imeneyi ikukhalira pamodzi mwa ife monga imachitira tikamaganiza za abale athu enieni.

Tsopano tione za kusintha kwa mpangankhani, ndipo apa woyenera kumuyang'anitsitsa ndi Nwoye. Mnyamata ameneyu adasiya chipembedzo cha makolo ake n'kutsata amishoni, chinthu chimene chidang'amba banja lonse. Kukadakhala kuti Achebe adangotiuza m'gawo lachiwiri la buku kuti Nwoye wamva ulaliki ndipo watembenuka, tikadati mlembi wamukankha. Koma m'mera mpoyamba, ndipo mbewu ya kusinthaku idafesedwa kale kwambiri amishoni asanatchulidwe n'komwe.

Poyamba tikumuona Nwoye ali ndi zaka ngati 12, bambo ake akumumenya ndi kumulalatira kuti ndi waulesi. Amakonda nthano za mayi ake, za Kamba ndi za mkangano wa Dziko ndi Thambo, koma amanamizira kukonda nkhani za nkhondo ndi magazi kuti akondweretse bambowo. Kubwera kwa Ikemefuna kudamutsitsimutsa. Adapeza mkulu wake womuphunzitsa kusema zitoliro ndi kutchera misampha, ndipo adayamba kuoneka ngati mwana amene Okonkwo ankamufuna. Tsiku limene adamva kuti Ikemefuna akupita adalira, ndipo adamenyedwa chifukwa cha kulirako. Usiku umene bambo ake adabwerako okha, Nwoye adadziwa chimene chachitika popanda womuuza. Ulendo uno sadalire. Thupi lake lidangolefuka, ndipo adakumbukira tsiku lina pa nyengo yokolola, akuchokera kumunda ndi dengu la zilazi, pamene adamva kulira kwa khanda m'nkhalango. Adali atamvapo kale kuti ana amapasa amaikidwa m'miphika n'kutayidwa kuthengo, koma kumva ndi makutu ake kudali koyamba. Amayi amene adali nawo paulendowo adangoti zii n'kufulumiza miyendo.

Zilonda ziwiri zimenezi mlembi akuzisiya osazikhudzanso kwa nthawi yaitali. Nkhani ikupitirira ndi zina: maukwati, milandu, maliro a Ezeudu kumene mfuti ya Okonkwo idaphulika n'kupha mwana wa malemuyo, ndi kuthamangitsidwa kwa banja lonse kupita ku Mbanta, kwawo kwa mayi ake a Okonkwo, kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Amishoni atafika ku Mbanta, anthu adawaseka, makamaka pa chiphunzitso cha Utatu Woyera chimene chidawamvekera ngati misala. Nwoye nayenso sadachimvetse chiphunzitsocho. Chimene chidamugwira ndi nyimbo imene adaimba, yonena za abale okhala mumdima ndi m'mantha, pakuti idakhudza funso limene lidakhala likumudya kuyambira tsiku la mapasa lija ndi usiku wa Ikemefuna. Ngakhale pamenepo sadatembenuke tsiku lomwelo. Ankangozungulirazungulira patali, kumvetsera ulaliki pamsika, kufika pafupi ndi tchalitchi n'kubwerera poopa bambo ake. Chidamudula chingwe ndi dzanja la Okonkwo lomwe: atamva kuti mwanayo waoneka pakati pa Akhristu adamugwira pakhosi n'kumumenya ndi ndodo, mpaka malume ake a Okonkwo, a Uchendu, adachita kumuletsa. Nwoye adachoka osabwereranso.

Tikafika pamenepa timadabwa, koma tikayang'ana m'mbuyo timaona kuti sizikadatha mwina. Kudabwa ndi kuvomera zikabwera pamodzi chotere, kusintha kwa mpangankhani kwapsa. Tionenso kuti kusinthako kudali ndi mtengo wake. Nwoye adataya bambo, adasiya mayi ake ndi abale ake, ndipo pamene Obierika adakumana naye ku Umuofia n'kumufunsa za bambo ake, mnyamatayo adakana kuti Okonkwo si bambo wake, koma adayankha mosakondwa. Mayi wopeza wa m'zolemba za ophunzira uja amatembenuka osataya kanthu, ndipo n'chifukwa chake sitimukhulupirira.

Wina angafunse kuti, nanga Okonkwo bwanji sakusintha? Kodi mpangankhani wamkulu sayenera kukula? Funsoli ndi labwino chifukwa ophunzira ambiri amaganiza kuti lamulo ndi lakuti munthu aliyense m'nkhani atsirize ali wabwino kuposa mmene adayambira. Okonkwo adapatsidwa mipata yambiri yoti asinthe. Ezeudu adamuchenjeza. Bwenzi lake Obierika adamuuza maso ndi maso kuti chimene adachita kwa Ikemefuna sichingakondweretse mulungu wa nthaka. A Uchendu adamukhazika pansi pamaso pa abale n'kumuphunzitsa chifukwa chake munthu amathawira kwa mayi ake zinthu zikavuta. Mpata uliwonse adaukana, ndipo pa kukana kulikonse adalipira. Atabwerera ku Umuofia adapeza anthu asintha, iye ali chimodzimodzi. Adadula mutu wa mesenjala wa boma pamsonkhano, n'kuona kuti anthu ake asiya amesenjala enawo kuthawa, ndipo adazindikira kuti Umuofia sapita kunkhondo. Adakadzimangirira pamtengo, imfa imene kwa anthu ake idali yonyansa kotero kuti sakadatha kukhudza mtembo wake. Munthu amene moyo wake wonse ankathawa manyazi a Unoka, amene adakatayidwa kunkhalango yoipa osaikidwa m'manda mwaulemu, adathera pa manyazi ofanana nawo. Kusasintha kwa Okonkwo n'kosiyana ndi kwa Fisi wa m'nthano, pakuti Fisi sadapatsidwepo mwayi wosankha, pamene Okonkwo tidamuona akusankha kachiwiri ndi kachitatu, thukuta lili kamukamu.

Sindikunena kuti bukuli lilibe pofooka. Mayi ake a Nwoye, mkazi wamkulu wa panyumbapo, sadapatsidwe ngakhale dzina, ndipo za mumtima mwawo pa kuchoka kwa mwana wawo woyamba tikumva zochepa kwambiri. Nwoye mwiniwake, atangochoka, akuzimirira m'nkhani. Tikungouzidwa kuti adatenga dzina loti Isaac ndipo adatumizidwa kusukulu yophunzitsa aphunzitsi ku Umuru. Wowerenga amene wayenda naye mtunda wonsewo amatsala ndi njala yofuna kudziwa chimene chinkachitika mumtima mwake pamene bambo ake ankamangidwa ndi kunyozedwa ndi amesenjala a bwana DC.

Njala imeneyi Achebe adaithetsako pang'ono m'buku lake lachiwiri, No Longer at Ease, limene lidatuluka mu 1960. M'menemo tikukumananso ndi Nwoye ali nkhalamba, Isaac Okonkwo, amene adatumikira mpingo zaka zambiri ngati mphunzitsi wa Mawu, ndipo mwana wake Obi wabwerako ku maphunziro ku England. Obi akufuna kukwatira Clara, namwino amene ndi wa mtundu wa osu, anthu amene makolo awo adaperekedwa kwa milungu ndipo ankasalidwa ndi anthu ena onse. M'buku loyamba lija tidaona mpingo wa ku Mbanta, umene Nwoye adathawirako, ukulandira anthu a osu, mphunzitsi wake Kiaga atalimbikira kuti pamaso pa Mulungu palibe kapolo kapena mfulu. Tingayembekezere tsono kuti Isaac avomera ukwatiwo mosavuta. Iye akukana. Obi akumutsutsa ndi Baibulo lomwelo limene bamboyo adamulera nalo, koma nkhalambayo ikuumirira kuti ukwati wotere udzadzetsa manyazi pa ana ndi zidzukulu. Usiku wa tsiku lotsatira akumufotokozera mwana wake, mwina koyamba, kuti iye adachoka panyumba ya bambo ake ali mnyamata atatembereredwa, ndi kuti Chikhristu adachilowa podzera pamoto. Mnyamata wofatsa uja, amene adanjenjemera atamva kulira kwa mapasa m'nkhalango, tsopano ndiye waima pakhomo kutsekereza mwana wa eni chifukwa cha kubadwa kwake, ndipo m'kuuma kwa khosi lake tikumuonamo Okonkwo.